Nsagwada ya pa Malire

WOFOTOKOZA: Fupa lakale kwambiri la munthu limene lapezekapo m'Malawi ndi nsagwada ya m'munsi yomwe inatoledwa mu 1991 pa Uraha, m'boma la Karonga, chakufupi ndi Chilumba. Akatswiri anailemba nambala UR 501, ndipo amati mwini wake ankakhala m'mbali mwa nyanja zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Nsagwadayo inasanduka mwala. Mafupa otere ndi osowa m'mayiko otentha, pakuti chamoyo chikafera pamtetete afisi amaswa mafupa, dzuwa ndi chiswe zimamaliza zotsala, ndipo dothi la m'nkhalango za mvula yambiri limadya ngakhale mano. Fupa limapulumuka likakwiririka msanga m'matope a m'mbali mwa nyanja kapena mtsinje, madzi a pansi n'kumalowetsamo mchere wa m'miyala pang'onopang'ono mpaka litauma gwa. Mbiri ya nsagwadayi inautsa mkangano m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, tsiku limene a Mbewe, mphunzitsi wopuma, ankakumbitsa dzenje la chimbudzi pafupi ndi thandala la usipa la Nachisale.

(Mafunde akumveka chapatali. Khasu likugunda mchenga, kenaka likuleka.)

A MBEWE: Ima! Ima kaye, mnyamata iwe, usagundenso! Tandipatsa kuno chimenecho. Eee! Amake Yusufu! Tabwerani mudzaone zimene Mulungu anandisungira pansi pa malo anga.

NACHISALE: Malo anu ati? Ndakhala ndikukuyang'anani chiyambire m'mamawa. Dzenje limenelo ladya mkono wathunthu kulowa kwanga. Malire ndi mtengo wa mangowu, osati pamene pathera mphamvu za waganyu wanu.

A MBEWE: Za malire tikamba mawa. Taonani ichi. Nsagwada, mano ali ndondondo! Munthu wamakedzana ameneyu. Kubwera magalimoto kuno, makamera, atolankhani. Dzina langa lilowa m'mabuku a Sitandade 8.

NACHISALE: Ngati ndi munthu, itanani amfumu ndi apolisi. Ngati ndi ndalama, zatulukira mbali yanga.

A MBEWE: Ku Karonga zinayamba chonchi.

NACHISALE: Ku Karongako munapitako liti, aphunzitsi? Ine ndimadutsako popita ku Kyela kukaoda zitenje. Tsiku lina basi itatifera, ndinalowa m'nyumba yosungira zakale ija, ndipo mmene nsagwada yeniyeniyo imaonekera ndinaona ndi maso angawa. Inu munangoiona pa bolodi, mutaijambula nokha ndi choko.

WOFOTOKOZA: Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chinapangika pamene nthaka ya kum'mawa kwa Africa inang'aluka n'kutitimira. Mng'alu womwewo umadutsa ku Tanzania ndi Kenya mpaka ku Ethiopia, ndipo ndi m'chigwa chimenechi mmene mwatuluka ambiri mwa mafupa otchuka a anthu akale. Kwa zaka mamiliyoni mitsinje yochokera m'mapiri inkatsanulira matope m'chigwamo, n'kukwirira zonse zofera m'mbali mwa madzi. Ku Karonga nthakayo inadzatukukanso, mvula n'kuyamba kukumba zigwembe zimene zinavundukula matope akalewo, omwe akatswiri amawatcha Chiwondo Beds. Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America anayamba kufufuza kumeneko m'zaka za m'ma 1980, pofuna kudziwa ngati dziko lino linali njira ya nyama ndi anthu akale pakati pa kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Kwa zaka zingapo ankangotola mafupa a agwape, mvuu, ng'ona, njovu ndi nguluwe.

A MBEWE: Ndiye tsiku lina mzungu uja anawerama, n'kutola nsagwada. Ngati mmene ndachitira inemu.

NACHISALE: Bodza loyamba limenelo. Anaitola ndi Mmalawi, Tyson Msiska, amene ankagwira nawo ntchito. Ndipo ngakhale panopa watola ndi mwana wa ganyuyu. Inu mwangofuula.

A MBEWE: Wolemba ganyu ndiye mwini ntchito.

NACHISALE: Nchifukwa chake mayina a otola amasowa m'mabuku. Ndipo ya ku Uraha sinatuluke yathunthu ngati yanuyi. Inali yothyoka pawiri, dzino limodzi lili lobenthuka. Chaka chotsatira anabwerera n'kuyamba kusefa dothi la pamalopo, mulu ndi mulu, mpaka anakapeza kachibenthu ka dzino kaja, n'kukwanira pamalo pake. Inu mungasefe? Ufa wa kondowole womwe amakuseferani ndi amake Tadala.

A MBEWE: Ntchito ya mphunzitsi ndi ya mutu. Tamvani: mwini nsagwada ya ku Uraha dzina lake ndi Homo rudolfensis. Nenani timve.

NACHISALE: Rudolofu. Anali wa Anglican ngati inu?

WOFOTOKOZA: Dzinali likuchokera ku nyanja ya Turkana ku Kenya, yomwe kale inkatchedwa Rudolf. Kumeneko, pa Koobi Fora, Bernard Ngeneo wa gulu la Richard Leakey anapeza mu 1972 zidutswa za chigaza cha munthu wa nkhope yaitali ndi yaphwatalala. Bongo wake unali woposa pang'ono theka la bongo wa munthu wa lero. Nsagwada ya ku Uraha ndi yokhuthala, ya mano akuluakulu otafunira, ndipo inafanana ndi nsagwada zina za ku Turkana, nchifukwa chake inaikidwa mu mtundu womwewo pamene inalengezedwa m'magazini ya Nature mu 1993. Akatswiri samvana onse pa dzinali, pakuti kugamula mtundu wa munthu ndi nsagwada yokha n'kovuta. Panthawiyo inali m'gulu la mafupa akale kwambiri a mtundu wa Homo padziko lonse. Mu 2013 ku Ledi-Geraru, m'dziko la Ethiopia, kunapezeka nsagwada ina ya zaka 2.8 miliyoni.

A MBEWE: Ndiye yangayi ndi ya zaka 3 miliyoni. Onse aja ndawapitirira.

NACHISALE: Mwawerenga pati? Yalembedwa deti kumbuyo ngati paketi ya mkaka?

A MBEWE: Kuya kwa dzenje! Taonani, mnyamatayu dzenje lamufika m'mapewa. Inu mukamalonga usipa m'dengu, wa pansi si umene munayamba kuthira? Nthakanso ndi chimodzimodzi. Cha pansi ndi chakale, cha pamwamba ndi chatsopano.

NACHISALE: Pokhapokha ngati wina sanapisemo dzanja usiku. Ndipo mchenga wa panowu ndi wa dzulodzulo. Chaka chimene nyanja inadzaza, madzi anafika pa mtengo wa mangowu, atabwerera anasiya mchenga wofika m'mawondo. Mpando wanu wa ndalema uja unakwiririka pomwepo. Nawonso ndi wa zaka miliyoni?

WOFOTOKOZA: Lamulo loti cha pansi ndi chakale ndi loona pamene nthaka sinasokonezedwe, koma limangonena chimene chinayamba, silitchula zaka. Ku Kenya, Tanzania ndi Ethiopia zaka zimawerengedwa ndi phulusa la mapiri ophulika limene linagwa pakati pa matope. M'phulusamo muli timiyala tokhala ndi potaziyamu amene amasanduka mpweya wa argon pa liwiro lodziwika, kotero kuti woyeza kuchuluka kwa mpweyawo amadziwa nthawi imene phirilo linaphulika. M'matope a Chiwondo phulusa loyenera kuyeza chotero mulibe. Kumeneko zaka zinapezeka poyerekeza mafupa a nyama ndi a kumadera amene zaka zake n'zodziwika kale, makamaka mano a nkhumba zakutchire. Dzino lakumapeto la nkhumbazi linkanka litalika mibadwo ikamapita, pamene udzu unkachuluka m'chakudya chawo. Mtundu wa dzino la nkhumba lopezeka m'dothi limodzi ndi fupa la munthu umasonyeza nyengo imene munthuyo anakhala.

A MBEWE: Mnyamata, funafuna dzino la nkhumba m'dzenjemo.

NACHISALE: A Mbewe, chinyama chimenecho musachitchule pafupi ndi thandala langa. Anthu a ku mzikiti amagula usipa pano.

A MBEWE: Ndi sayansi, mayi. Popanda nkhumba, munthu wa ku Uraha sakanadziwika zaka zake.

NACHISALE: Anali ndi tsoka. Tabweretsani nsagwadayo kuno ndiione.

A MBEWE: Mugwire bwino, ndi chuma cha dziko.

NACHISALE: Hmm. Yopepuka ngati chitsononkho. Zija za ku Karonga anatiuza kuti zimalemera ngati mwala, ukagogoda zimalira ngwe. Iyi ikumveka phwa. Ndiye taonani apa. Mano a kutsogolo ali apa, kenaka mpata wopanda dzino wolowa zala zitatu, kenaka mano otafunira a mizeremizere. Tayasamulani, aphunzitsi.

A MBEWE: Ndiyasamulirenji?

NACHISALE: Ndione ngati m'kamwa mwanu muli mpata wotere. Munthu alibe. Nsagwada ya munthu ndi yaifupi, yozungulira, mano ake ndi ogundana. Iyi ndi yaitali, yosongoka. Ndasenda mitu ya mbuzi pa maukwati ndi pa sadaka kuyambira ndili mtsikana. Iyi ndi mbuzi.

A MBEWE: Mwina ndi mbuzi yamakedzana.

NACHISALE: Yamakedzana yokhala ndi kachingwe ka buluu ka ukonde? Mnyamata iwe, tatola icho chili pambali pa phazi lakocho. Eya! Mfundo iyi ndinamanga ndine. Mbuzi yanga yaikazi, ya banga pamphumi, imene ndinkasungira ukwati wa Yusufu! Inasowa pa 23 Disembala chaka chatha chija, ndipo pa Khirisimasi kununkhira kwa nyama kochokera kwanu kunafika mpaka ku doko.

A MBEWE: Inagwidwa ndi fisi. Mudzi wonse ukudziwa.

NACHISALE: Fisi wake wokumba dzenje, kukwirira mutu, n'kuthira phulusa pamwamba?

A MBEWE: Afisi a masiku ano ndi ochenjera. Komatu tisasiye nkhani ya maphunziro pakati. Mukudziwa kuti munthu wa ku Uraha anali ndi mnzake woyandikana naye?

NACHISALE: Amene ankamubera mbuzi.

WOFOTOKOZA: Mu 1996 pa Malema, pafupi ndi tauni ya Karonga, gulu lomwelo linapeza chidutswa cha nsagwada ya m'mwamba chokhala ndi mano aakulu kwambiri, cha zaka zofanana ndi za ku Uraha. Chinali cha Paranthropus boisei, mtundu umene Mary Leakey anapeza chigaza chake ku Olduvai m'dziko la Tanzania mu 1959. Cholengedwa chimenechi chinkayenda ndi miyendo iwiri, bongo wake unali waung'ono, koma mano ake otafunira anali aakulu kuwirikiza kangapo a munthu wa lero, ndipo zazimuna zinali ndi mzere wa fupa pamwamba pa mutu pomwe pankagwira minofu yotafunira. Choncho mitundu iwiri yosiyana inkakhala m'chigwa chimodzi nthawi imodzi. Chakudya chimasiya chizindikiro m'chikamba cholimba cha dzino, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anasonyeza kuti mitundu yonse iwiri ya ku Karonga inkadalira kwambiri zakudya za m'mitengo ndi m'zitsamba, m'dera la mitengo yambiri. Paranthropus wa ku Kenya ndi Tanzania wa m'zaka za pambuyo pake ankadya kwambiri udzu ndi zomera za m'madambo. Mtundu umenewu unatha zaka zoposa pang'ono 1 miliyoni zapitazo osasiya mbumba.

NACHISALE: Wa mano aakuluyo ndiye kholo la a Mbewe. Mbuzi yathunthu masiku awiri!

A MBEWE: Simunamve kuti sanasiye mbumba? Kholo lanu ndi langa ndi mmodzi, kufuna kaya kusafuna.

NACHISALE: Ndiye mwayamba zija munkaphunzitsa ana athu, zoti tinachokera kwa anyani. Yusufu anabwera kunyumba n'kukana kuthamangitsa anyani m'munda wa chinangwa, ati ndi agogo ake.

A MBEWE: Mwana wanuyo ankagona m'kalasi. Sindinanene kuti nyani wa ku thengo la Bua anabereka munthu. Ndinati ife ndi chimpanzi kholo lathu lakutali ndi limodzi, la zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo aliyense anatenga njira yake. Nyani wakuba chinangwa uja ndi wapatali kuposa pamenepo.

NACHISALE: Ine ndimadziwa Adamu ndi Hawa.

A MBEWE: Inenso Lamulungu lililonse ndimakhala kutsogolo ku All Saints. Koma nsagwada ya ku Uraha munaiona nokha.

NACHISALE: Ndinaona. Ndinaonanso chinyama chija chotalika kudzaza nyumba yonse, Malawisaurus. Anthu amenewo ankachipha bwanji chopanda mfuti?

A MBEWE: Sanaonane n'komwe! Chimenecho ndi cha zaka zoposa 100 miliyoni. Pamene munthu wa ku Uraha ankabadwa, icho chinali chitasanduka mwala kalekale. Kuti zili m'nyumba imodzi sindiye kuti zinali pa ubale. Mnyamata, bwanji waima? Ponya dothilo uko, tipitirize.

NACHISALE: Asaponye! Dothi limenelo lisasunthe.

WOFOTOKOZA: Fupa likachotsedwa m'dothi lake popanda kulemba pamene linagona ndi zimene linagona nazo, umboni wambiri umatayika. Chitsanzo chodziwika ndi chigaza cha ku Kabwe m'dziko la Zambia, komwe kale kunkatchedwa Broken Hill. Chinapezeka pa 17 Juni 1921 mu mgodi wa mtovu ndi zinki. M'mabuku munalembedwa dzina la Tom Zwiglaar wa ku Switzerland, pamene la Mwafirika amene ankakumba naye silinalembedwe. Chigazacho ndi cha munthu wa mafupa ochindikala pamwamba pa maso, mphumi yothawira kumbuyo, ndi bongo wotsala pang'ono kufanana ndi wa munthu wa lero. Mano ake ambiri ndi obooka, chinthu chosowa pakati pa anthu a nthawi imeneyo. Phanga limene chinapezekamo linagumulidwa lonse ndi ntchito ya mgodi, kotero kuti kwa zaka pafupifupi 100 zaka zake zinkangoganiziridwa, ena n'kumati 500,000. Mu 2020 akatswiri atayeza chigaza chenichenicho ndi tizidutswa timene tinapalidwa pa icho, anapeza zaka pafupifupi 299,000. Nthawi imeneyo ku Morocco kunali kale anthu oyambirira a mtundu wathu, Homo sapiens, ndipo ku South Africa kunali mtundu wina wa bongo waung'ono, Homo naledi.

A MBEWE: Mwamva? Mano obooka. Ngakhale kale anthu ankavutika ndi mano. Ine ndi mano angawa ndingathe mbuzi?

NACHISALE: Munaphika ndi papaya wamuwisi kuti ifewe. Khungu la papayalo munataya kuseri kwa bafa langa.

A MBEWE: Anthu akale analibe mipanda, analibe malire, analibe milandu. Ankangoyendayenda mwamtendere.

NACHISALE: Mwawafunsa? Mlendo wina wa ku Mbala amene amagula usipa kwa ine anandiuza kuti kwawoko anafukula mitengo yosemedwa ndi anthu akalewo. Wosema mtengo ndi womanga, ndipo womanga amadziwa pamene pathera pake.

WOFOTOKOZA: Pa mathithi a Kalambo, m'malire a Zambia ndi Tanzania, gulu lotsogozedwa ndi Larry Barham wa ku yunivesite ya Liverpool linafukula mu 2019 mitengo iwiri yopingasana, wapamwamba uli wogobedwa ndi zida za mwala kuti ukhale bwino pa unzake. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2023, ndipo mitengoyo ndi ya zaka pafupifupi 476,000, mtundu wathu usanaoneke. Mtengo umaola msanga m'dziko lotentha, koma iyi inasungika chifukwa inakhala m'mchenga wonyowa nthawi yonseyi, mopanda mpweya. Chimene chinamangidwa sichidziwika bwino. Ofukulawo amaganiza za nsanja kapena poponda pamalo a chinyezi. Mafupa a osemawo sanapezeke pamalopo.

A MBEWE: Nsanja m'mbali mwa madzi. Linali thandala limenelo. Ndipo ndikhulupirira kuti nalonso linalowerera malo a mnzake.

NACHISALE: Thandala langa linamangidwa malemu amuna anga ali moyo, inu mukadali ku Dwangwa. Ndiye anthu anu akalewa anali kuno kwathu kokha?

WOFOTOKOZA: Mitundu yoyambirira yonse inapezeka mu Africa, koma ina inatuluka n'kufika kumadera otentha a ku Asia. Mu 1891 dokotala wa ku Netherlands, Eugène Dubois, anafukula chapamwamba cha chigaza pa Trinil, m'mbali mwa mtsinje wa Solo pa chilumba cha Java, ndipo mtunduwo lero umatchedwa Homo erectus. Mu 2003 m'phanga la Liang Bua pa chilumba cha Flores, ku Indonesia komweko, munapezeka mafupa a munthu wamkulu koma wotalika mita imodzi ndi pang'ono chabe, wa bongo wofanana kukula ndi wa chimpanzi, amene ankagwiritsa ntchito zida za mwala. Mafupa a mtunduwu ndi a zaka za pakati pa 100,000 ndi 60,000 zapitazo. Mu 2019 mtundu winanso waung'ono, Homo luzonensis, unalengezedwa kuchokera m'phanga la Callao ku Philippines.

NACHISALE: Aa, amenewo ndiye ndikuwadziwa! Akafula. Agogo ankatisimbira kuti ukakumana naye amakufunsa kuti wandionera pati. Ukati pompano, wakulasa. Ukati ndakuonera kutali uko, amavina n'kukusiya.

A MBEWE: Mwasokoneza mbiri ndi jogalafe. Flores ili kutsidya kwa nyanja ya mchere, ulendo wake Ilala singathe.

NACHISALE: Afupi ndi afupi basi. Inunso a Mbewe, ndikanena kuti ndinakuonerani patali usiku wa pa 23 uja, muvina?

WOFOTOKOZA: Akafula kapena Abatwa, amene Achewa amati anawapeza m'dziko muno, anali anthu a mtundu wathu womwewu, osaka nyama ndi otola zakutchire. Zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zimatchulidwa kuti ndi zawo. Mafupa a osaka akale otere anafukulidwa pa phiri la Hora ku Mzimba ndi pa Fingira ku Nyika, ndipo ena a ku Hora, a zaka zoposa 14,000, anatulutsa DNA yomwe ili m'gulu la yakale kwambiri mu Africa. Kutentha ndi chinyezi zimaononga DNA msanga, nchifukwa chake ya anthu a mitundu yakale yapezeka kumadera ozizira a ku Ulaya ndi ku Asia, monga m'phanga la Denisova ku Siberia, pamene mafupa a ku Uraha, Kabwe ndi Flores sanatulutsepo. Za mitundu ya kumadera otentha zimadziwika ndi maonekedwe a mafupa, mano, zida za mwala ndi dothi lowazungulira. Nyanja nayo imasunga mbiri: matope amene anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi mu 2005 anasonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zimene zinatsitsa madzi ndi mamita mazanamazana, ndipo makala a m'matopemo, pamodzi ndi zida za mwala za ku Karonga, akusonyeza kuti pofika zaka 85,000 zapitazo anthu ankatentha tchire mpaka kusintha zomera za deralo.

NACHISALE: Nyanja iyi kuphwa? Ndiye usipa ankautenga kuti?

A MBEWE: Ankayenda pansi mpaka ku Likoma. Ndipo taonani, kutentha tchire n'kwa makolo. Pamene ndinatentha zinyalala mpanda wanu n'kupsa, ndinkasunga mwambo wa zaka 85,000.

NACHISALE: Mpandawo tiuphatikiza pa mlandu wa mbuzi. Koma tandiuzani, chikhala kuti fupali linalidi la Rudolofu wanuyo, mukanagulitsa zingati?

A MBEWE: Ndikanayambira pa mtengo wa injini ya boti.

WOFOTOKOZA: M'Malawi zinthu zakale zofukulidwa pansi zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act. Wozipeza amayenera kudziwitsa boma, ndipo kuzifukula, kuzigulitsa kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo ndi mlandu. Nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi imene imapereka zilolezo kwa ofufuza. Ku Karonga, nyumba ya Cultural and Museum Centre inatsegulidwa mu 2004 kuti anthu a m'dera limene mafupawa anatuluka azitha kuona mbiri yake kwawo komweko. Koma chigaza cha ku Kabwe chinatengedwa kupita kunja, ndipo chili ku Natural History Museum ku London. Dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Wopeza fupa lolemera ngati mwala m'chigwembe kapena m'dzenje amalangizidwa kulisiya pomwepo, kulijambula, kuika chizindikiro pamalopo, ndi kukanena kwa mfumu ndi ku ofesi ya DC.

NACHISALE: Mwamva lamulo. Bwezerani nsagwadayo pamene inali, kachingwe pambali pake, phulusa lisasunthe. Mnyamata iwe, tuluka m'dzenjemo, thamanga ukaitane anyakwawa. Yusufu! Bweretsa foni ujambule!

A MBEWE: Lamulo limenelo ndi la mafupa a zaka mamiliyoni, amake Yusufu.

NACHISALE: Mwanena nokha kuti ndi ya zaka 3 miliyoni. Mnyamatayu ndi mboni.

A MBEWE: Ndinalankhula mwa chitsanzo. Tiyeni tikambirane ngati anthu oyandikana. Ndili ndi abakha awiri.

NACHISALE: Inali ndi bere mbuzi ija. Muwerenge mbuzi ziwiri, mpanda, ndiponso dzenjeli lisunthe mkono umodzi kubwerera kwanu.

A MBEWE: Abakha atatu, dzenje likhale pomwepo, ndipo chimbudzicho muzilowamo nanunso.

NACHISALE: Mukanene zimenezo pabwalo. Yusufu, jambula kuyambira pa mtengo wa mango, malire aoneke.